Mabokosi Awiri, Chingwe Chimodzi

Zaka makumi awiri ndakhala ndikupaka girizi
mawilo a chikepe chokwera phiri
muno mu Valparaíso, momwe nyumba zimaberekana kumsana
ngati zikuthawa nyanja.
Chingwe chikatopa ndimachimva kulira kwake.
Kulira kwa mwana wanga ndiye kunandiphonya.

Millaray, uli ndi zaka khumi ndi zinayi,
Lamulungu lija unaika maseche patebulo:
"Ababa, kumsewu sindikaimbanso.
Anzanga amandijambula pafoni.
Komanso sindikudziwa ngati ndimaimbira Mulungu
kapena ndimaimbira inu."
Ndinakalipa mpaka galu wa mayi Hortensia anauwa.
Usiku uli mtulo ndinatenga foni yako,
ndinaifufuza ngati wapolisi wa padoko,
ndipo ndinapezamo chiyani?
Masamu, nthabwala zonena aphunzitsi a Riquelme,
ndi kauthenga kamodzi kopita kwa mnzako:
"Bambo anga ndi abwino, koma samva."

Ndinakhala pamasitepe mpaka sitima zinazimitsa nyali.
Pemphero linakakamira pakhosi.
Mayi ako, pochokera kuchipatala m'bandakucha,
yunifomu ikununkha mankhwala,
anangoti, "Nibaldo, mwana si katundu wa padoko
woti umumange n'kumudinda chidindo.
Kapepese."
Ine, mkulu wa mpingo, kupepesa mwana?
Ndinapepesa.
Mawu anatuluka opindika
ngati msomali wozulidwa pathabwa lakale,
koma iwe sunawataye.

Chikepe chathu n'chakale kuposa agogo ako:
mabokosi awiri, chingwe chimodzi.
Lina likamakwera, linzake liyenera kutsika.
Ndinkaziona m'mawa ndi madzulo
osadziwa kuti chitsulo chikundilalikira.

Tsopano umafunsa mafunso oluma.
Bwanji moto unanyeketsa nyumba ya mayi Hortensia
chonsecho amapemphera kuposa tonsefe?
Ndinaphunzira kuyankha kuti, "Sindikudziwa, khala pansi,
tifunse limodzi."
Ndalama ya sabata yonse unagulira utoto wa tsitsi,
wobiriwira ngati nkhungu ya pa buledi.
Lachinayi unafika pakhomo la chikepe thumba lili gwa! lopanda kanthu.
Sindinakulowetse ulere.
Unakwera masitepe onse wapansi, chikwama kumsana,
ine ndikukuwerengera pawindo,
mtima ukukwera nawe sitepe ndi sitepe.
Masiku awiri sunandilankhule.
Lachitatu lake unapsereza nyemba, tinadya, tinaseka.

Kutchalitchi umakhala kumbuyo kwenikweni, manja m'matumba.
Ena amandinong'oneza kuti ndalekerera.
Ndimangowayang'ana.
Chikhulupiriro changa sichingakukwane, mwana wanga,
ndi jekete la munthu wa mapewa ena;
chako adzakusokera yekha Mwini wake,
ndipo telala ameneyu safulumira.

Lero m'mawa nkhungu itakuta doko
unalipira, unalowa, sunacheuke.
Ndinatseka chitseko.
Dzanja langa linakhalitsa pa buleki kuposa masiku onse.
Ambuye, ndinatero chamumtima, chingwe ichi sindinachipote ndine.
Kenaka ndinamasula.

Bokosi likutsetsereka, matabwa akulira,
ndinamva kanyimbo kapansipansi, kopanda maseche,
kamene mayi ako ankakuimbira uli ndi chifuwa.
Mwina unali iwe. Mwina anali mayi wonyamula nsomba uja.
Sindidzakufunsa.