Lipoti la Chipale, Lachiwiri Mamawa

Faifi koloko, kunja kudakali bii,
ndakwera kale ndi nyali ya pachipumi
kukafunsa ndodo yozikidwa pamwamba pa phiri.
Yati masentimita makumi atatu ndi awiri.
Dzulo inatero. Dzana inatero.
Sabata zitatu thambo lili mbee,
lopanda ndi kamtambo kopukutira mphuno.

Ndikulemba ndi zala zouma gwa:
Chipale chatsopano usiku wathawu: palibe.
Kuzizira: madigiri asanu ndi anayi pansi pa ziro.
Njira zotsegula: khumi ndi imodzi mwa makumi awiri ndi zitatu.
Mphepo ya kumpoto, yaulemu.

Curdin wa hotela ya kuseri kwa tchalitchi
waimba kale kawiri.
"Ladina, onjezerako asanu okha,
ndani angakwere kukayeza?
Zipinda zanga zikununkhira sopo yekhayekha,
a ku Milano abweza makiyi asanamasule zikwama."
Ndamuuza kuti ndodoyo si mlamu wanga,
sitinong'onezana.

Pa njira ya Sur Crap miyala yayamba kusuzumira.
Umodzi unang'amba thabwa la mwana wa Seraina Lolemba,
analira thabwalo, osati bondo.
Makina opopera chipale amabangula usiku wonse
koma chawocho n'cholimba ngati mchere wonyowa,
alendo amachidziwa ndi mano akagwa.

Tsono pa kompyuta pabadwa chinthu.
Chozungulira, chofiirira pakati,
chikukwawa kuchokera kunyanja ya Atlantiki.
Azanyengo ati Lachinayi madzulo.
Ena ati Lachisanu.
Wina wati chikhotera ku Austria, ife tidzangomva mbiri.
Mita yathunthu, mwina ndi theka.
Mudzi wonse ukuyenda maso ali pa foni,
wophika buledi wawonjezera ufa,
Gion wa mipando ya pachingwe
akupaka girisi mawilo uku akuliza mluzu,
munthu woti chilowereni Disembala sanasekepo.

Ine ndakumba dzenje.
Ndagwada mpaka fosholo kugunda udzu wakufa.
Pamwamba pali chikhakha, cholimba bwino.
Pansi pake pali shuga,
timibulu tosadziwana, tosagwirana manja,
tongoyoyoka m'golovesi.
Usiku wonse wopanda mitambo uja ndiwo unapera shugayu
ife tili mtulo, tikudandaula za ndalama.
Mita ya chipale ikadzagona pamenepa
idzakhala bulangete loyalidwa pa mikanda.
Munthu mmodzi, phazi limodzi,
phiri lidzavula zonse kamodzin'kamodzi.

Woponya zophulitsa ndi Flurin, mlongo wanga.
Mkuntho ukadzangoleka adzakwera aliyense asanadzuke,
chikwama cholemera kumsana, galu wake Nair pambuyo,
kukagwetsa dala chimene chikanagwera ena.
Amayi sadziwa kuwerenga mapu a nyengo
koma aona zingwe zake zayanikidwa pakhonde.
Dzulo anamuikira tchizi chachikulu kuposa changa
osanena kanthu.

Mzere womaliza:
Kukubwera mkuntho wa chipale Lachinayi kapena Lachisanu.
Curdin adzaukulitsa zilembo,
adzaumata pagalasi la khomo.
Pansi pake ndawonjezera wanga:
Musadutse mbendera. Chapansi n'chowola.
Ndikudziwa, mizere yapansi imawerengedwa
ndi apolisi okha, zinthu zitachitika kale.
Ndaulembabe. Ndatumiza.

Kum'mawa kwayamba kufiira.
Chingwe chadzuka, mipando yopanda anthu
ikukwera, ikutsika, ikukwera.
Khwangwala wa mlomo wachikasu watera pa ndodo yanga
ngati nayenso akufuna kuona nambala.
Ndamanga matabwa kumapazi.
Ndisanatsetsereke ndacheuka kumadzulo:
pamwamba pa nsonga ya Piz Tschüt
pali kamtambo kamodzi, kosalala ngati mbale yovundikira,
kosasuntha,
ndipo mphepo yomwe ndalemba kuti ya kumpoto
yandikhudza tsaya linalo.