Mipando ya Alendo

Amayi anaiona koyamba ku Kalongwezi,
m'nyumba ya adona omwe ankawachapira zovala:
mipando itatu yofiira ngati magazi a nkhuku,
yofewa moti mphaka akagonapo ankamira.
Madzulo amenewo anabwerera ku Mchini osalankhula,
nayang'ana mabenchi athu a mlombwa
ngati kuti awatukwana.

"A Yobe, inenso ndine munthu."
Atate anangopitiriza kupukuta tcheni cha njinga.

Chilimba cha azimayi a ku Kapata chinapereka theka.
Theka linalo anati tizilipira mwezi ndi mwezi
kwa mwini sitolo wa kumunsi kwa tauni,
uja wa kabuku kobiriwira.
Tsiku lomwe inafika pa ngolo
komboni yonse inatuluka kudzaona.
Khomo linachepa, tinazula mphuthu.
Mapulasitiki amayi anakana kuchotsa.

Lamulo linali limodzi: pasakhale munthu,
ndi ya alendo.
Koma mlendo woyenera sanapezeke.
Abusa anabwera ndi fumbi kuthalauza, anapatsidwa benchi.
Amalume a ku Chadiza ankanunkha fodya.
Ine ndi Tikambenji tinkailambalala
ngati tikudutsa kumanda usiku,
ndipo Loweruka lililonse amayi ankaipukuta, akuimba chapansipansi.

Miyezi khumi ndi inayi
atate ankapalasa kabaza kuyambira tambala woyamba:
matumba a mtedza, amayi apakati opita kuchipatala,
osintha ndalama a ku Mwami,
chitunda chonse cha Kanjala ataimirira pamapedulo.
Akafika, msana uli gwa,
ankakhala pansi, natsamira khoma,
mapazi m'beseni la madzi amchere,
maso ali pamipando.
Tsiku lina ndinawapezerera akuisisita ndi chala chimodzi,
kenaka nkuwerama kuona ngati chasiya banga.

Kunatsala mwezi umodzi.
Lole ya simenti, pamphambano ya ku Lundazi,
sinaione njinga.

Maliro ali ndi mwambo wake, safunsa mwini nyumba.
Anyamata anatulutsa katundu kuti azimayi apeze pokhala,
mipando naiika pabwalo, patsinde pa mango,
wina nang'amba pulasitiki kuti akolezere moto.
Masiku atatu anakhalapo amuna:
anzawo a kabaza ndi girisi wawo,
amalume ndi fodya wawo,
chidakwa china chosadziwa ngakhale dzina la malemu
chinagonapo chagada, chikuliza mkonono.
Makala othetheka anaboola timabowo.
Usiku wachiwiri kunagwa chizimalupsa,
ndipo palibe anaganiza zoifunditsa kanthu.

Amayi anali m'nyumba, pamphasa,
pamalo pomwe atate ankatsamira,
khoma likadali lakuda ndi thukuta la msana wawo.

Mbale ya chipepeso inazungulira.
Titagula bokosi ndi ufa wa olira,
zotsala amalume anaziwerenga kawiri
napita nazo kumunsi kwa tauni.
Mwini sitolo anati pepani,
nakhwatcha mzere m'kabuku kobiriwira,
natipatsa lisiti lokhala ndi chidindo.
Dzina: Yobe Miti. Ngongole: palibe.

Lero ili m'nyumba, yambuu, ikununkhabe utsi.
Umodzi unathyoka mwendo, tinauchirikiza ndi njerwa.
Aliyense amakhalapo, ana a Tikambenji amalumphapo,
nkhuku yathu inaikirapo dzira mwezi watha.
Amayi okha ndiwo sanayesepo.
Mlendo akaodira, kaya ali ndi matope mpaka m'mawondo,
amamulozera pofewa,
iwo nkutsikira pansi, msana kukhoma.
Akachita manyazi, amamuumiriza ndi dzanja:
"Khalani, khalani ndithu.
Inalipidwa kale."