Nambala Naini ku Chichiri

Anandipatsa tebulo nambala naini,
kumpanda, kumene chiperoni
chimalowera ngati mwini ngongole, osaodira.
Ndinabwera ndi mbaula yanga ya theka la mgolo,
makala a ku Zalewa,
ndi mbuzi imene ndinasankha ndekha ku Lunzu
ikali moyo, ikutafuna khoko la nthochi.

Zaka khumi ndi zinayi ndikuotcha kanyenya ku Chemusa.
Mchere. Kambuzi. Adyo wosinja.
Ndimu pomaliza penipeni,
mafuta akasiya kulira pamakala.
Basi.
Makondakitala amaidziwa.
Anamwino oweruka usiku amaidziwa,
amadya chiimirire, nsapato zoyera zili m'fumbi.

Fanuwelo, mng'ono wanga, anazungulira matebulo ena
nabwera akunong'ona:
"Achimwene, kuno si ku Chemusa.
Oweruza awa amafuna yotsekemera,
yonyezimira ngati nsapato ya mkwati.
A nambala folo akupaka uchi.
A nambala sikisi nyama aibaya jakisoni."
Anasolola botolo m'jekete,
sosi wakuda bii, mtengo ukadali pachivindikiro.
Ndalama zake zomwe, mwana uja.

Ndinati, chotsa.
Analiika pansi pa tebulo, pafupi ndi phazi langa.

Mphoto anaiimika poonekera:
firiji yokulungidwa m'pulasitiki
ndi envulopu yonenepa.
Ndinayesa kusayang'ana.
Koma kalata ya fizi ya Esinala inali m'thumba la malaya,
yopindidwa kanayi,
ndipo ndikawerama kukupiza moto
inkandibaya pachifuwa.

Nthiti zinapsa bwino tsiku limenelo,
bwino koposa masiku onse.
Utsi unakwera woonda, wabuluu.
Mlonda wa pachipata anasiya chipata
kudzangoima pambali, mphuno m'mwamba.
Ndinamudulira kachidutswa.
Anatafuna, natseka maso, osanena kanthu.
Chikho changa chinali chimenecho,
ndikanadziwa kuwerenga.

Belu linalira. Mphindi zisanu.
Mbale ya oweruza, zidutswa zinayi.
Fanuwelo sanalankhulenso,
anangoyang'ana pansi.
Sindinganame kuti anandikakamiza.
Dzanja limene linatsegula botolo ndi ili,
lachipsera pachala chachikulu.
Ndinapaka kamodzi, kawiri,
nyama inawala ngati yabwereka suti.

Mayi wa magalasi analuma, nagwedeza mutu, nalemba.
Bambo wa chipewa choyera ananyambita chala.
Palibe anafunsa za mbuzi,
kumene inadya, amene anaisenda.

Tinakhala achiwiri.
Firiji inapita kwa a uchi.
Ife envulopu yowondako, ndi chithunzi
ndikumwetulira ngati munthu woponda msomali.
Teremu imodzi ya Esinala inalipidwa Lolemba,
ndipo sindidzapepesa kwa aliyense pa chimenecho.

Chidutswa chimodzi chinatsala m'mbale.
Ndinachilawa kuseri kwa hema.
Chinali chokoma, ndisaname.
Chokoma ngati moni wa munthu
amene waiwala dzina lako.

Lachiwiri ndinayatsanso ku Chemusa.
A Likoswe, a matayala aja, anafika nthawi yawo,
nati, "Tamva, mwatchuka.
Tipatseni ya mpikisano ija."
Ndinawapatsa ya masiku onse.
Anatafuna nthawi yaitali,
kambuzi akuwatulutsa thukuta pamphuno.
"Ndiye oweruzawo ali ndi lilime," anatero.
"Iyi ndi nyama."

Sindinawakonze.
Ndinatembenuza nthiti, ndinathira mchere,
utsi unandilowa m'maso, ndinauleka.

Botolo lija lilipo, latsala theka.
Lili kuseri kwa thumba la makala.
Fanuwelo akuti chaka chamawa tiwonjezere uchi,
firiji ndi yathu.
Ndamuuza kuti tiona.
Kutaya sindinalitaye.
Usiku ndikamazimitsa moto
ndimalimva lili pamenepo,
chete, ngati mlendo wodziwa
kuti adzaitanidwanso.