Kuseri kwa Chingwe

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndaima pa khomo ili ku Pierre,
kutsekulira aphungu, kutsekera ena onse.
Anthu ndimawadziwira ku nsapato.

Orval Tiedeman anafika ndi zamatope,
jekete ya pa ukwati wake ikumukana m'mapewa,
m'thumba muli makalata a alimi a tirigu
omwe zitsime zawo zinayamba kununkha mafuta.
Tsiku loyamba anasokera, nakalowa mosungira zokolopera.
Ndinamulozera mpando wake, wachitatu kuchokera pa zenera.

Ankalankhula ngati akuitana ng'ombe kutsidya.
Sipikala kumenya kanyundo, iye osamva.
Tsiku lina anadza ndi botolo la madzi a kwa mayi Hulda Renz,
madzi ooneka ngati tiyi wogona,
naliika pa tebulo la komiti:
"Amene akuti ndi abwino, amwe."
Palibe anatambasula dzanja.
Bilu inadutsa ndi mavoti awiri okha,
ndipo usikuwo anandigulira khofi,
manja akunjenjemera mpaka kudzitayira pa tayi.

Zisankho zinayi anapambana. Chachisanu chisanafike
anamudulira dera lake nthulinthuli,
mudzi wake kuno, tchalitchi chake uko.
Mkazi wake Darlene anali gone m'chipatala ku Sioux Falls,
ndipo ngongole sifunsa kuti unali phungu.

Anasowa nyengo ziwiri za chipale.

Atabwerera ndinayamba ndaona nsapato:
zakuda, zonyezimira, zosadziwa khola.
Pachifuwa baji ya onyengerera aphungu,
m'chikwama mapepala a kampani ya mapaipi,
yomwe ija ya madzi a tiyi.
Analunjika khomo langa mwachizolowezi,
phazi likukumbuka zomwe mutu unasiya.
Chingwe ndinachisiya chokoloweka.
"Pepani a Tiedeman, mulekezere pomwepa."
Iye anaseka. Ine zinandikanika.

Tsopano munda wake ndi khonde.
Mawu oitana ng'ombe aja anaphwa,
anatsala manong'onong'o pa khutu la aphungu atsopano.
Amadziwa amene akumira m'ngongole,
amene amafewa akaona nyama yootcha,
amene mwana wake akusaka ntchito.
Lamulo lija analikhoma yekha,
ndiye amadziwa msomali woti azule
kuti denga likhale pansi popanda phokoso:
mawu atatu pa tsamba la naini,
"ngati kuli kotheka."

Sindimuweruza. Nanenso ndimadya za khomo lomweli.
Darlene ali moyo, amayendera ndodo,
ndinamuona pa Khirisimasi akusankha malalanje.

Koma Lachiwiri lapitali kunabwera mdzukulu wa Hulda Renz,
mtsikana wa nsapato zamatope,
botolo m'manja, kudzachitira umboni.
Anakumana pamwamba pa masitepe.
Orval anamugwirira chitseko mwaulemu wonse,
maso ali pa foni.
Ukayenda siya phazi, anatero akale,
ukasiya mlomo ukutsata.
Wake unamupeza m'botolo.

Belu la voti litalira, khonde linati zii.
Anadzaima pafupi nane, kuseri kwa chingwe,
fungo la sopo wa ku hotela,
milomo ikuwerenga mayina pa bolodi,
chala chake chakumanja chikudina pa ntchafu
batani lomwe analisiya m'kati muja.

Ndinasuzumira, ndivomere.
Sindinathe kudziwa
ngati linali lobiriwira kapena lofiira.