Kufikira Madzi Asanduke Buluu

Mdima wagwa isanakwane folo koloko
kuno ku Tampere, ndipo m'nyumba ya bambo
chowala ndi chimodzi chokha:
thanki yagalasi pakona, nyanja ya malita mazana atatu
imene Taisto Kemppainen anakwera nayo nsanja zinayi m'zigubu
chaka chimene chikepe chinafa.

Eniake ali kuchipatala.
Anaterereka pa madzi oundana pafupi ndi pokwerera basi
atanyamula thumba la mchere wa thankiyi,
fupa la m'chiuno n'kuthyoka ngati bisiketi.
Adokotala anandionetsa chithunzi dzana:
mkati mwa fupa muli timabowo tokhatokha, ngati siponji.
Kashiamu, anatero, wakhala akuthawa mwakachetechete.
Ndinatsala pang'ono kuseka.
Munthu amene Lachiwiri lililonse
amayezera miyala kashiamu!

Foni ili patebulo, mawu awo akutuluka osasa:
"Orvokki, yamba watsuka kabotolo.
Ndi madzi a m'thanki, osati a pampopi.
Mamililita asanu, usapyole mzere."
Ndatunga. Manja angawa anazolowera mafayilo a misonkho,
akunjenjemera ngati ndikuba.
Madontho a botolo loyamba. Kasipuni ka ufa. Khutchumula.
Madzi asanduka pinki ngati nkhama za khanda.
"Tsopano sirinji. Limodzilimodzi, usathamange,
kufikira asanduke buluu."

Tho.
Tho.
Kumbuyo kwawo namwino akukankha kangolo ka mankhwala.
Tho.
Kansomba kachikasu kabwera kudzandiyang'ana,
kaona kuti si ine amene kamafuna, kabwerera.
Makorali angoti chilili, nthambi zawo zobiriwira, zina zofiirira,
kunsonga kuli mbee, kumene akumangira fupa latsopano
ndi zimene akuyamwa m'madzi omwewa.
Tho.
"Asintha, bambo."
"Mtundu wanji?"
"Pepo."
"Pepo si buluu. Lina."

Tho. Buluu uja, mwadzidzidzi,
ngati wina wayatsa thambo m'kabotolo.
Ndawerenga pasirinji, ndatsata ndi chala patchati:
mazana atatu ndi makumi asanu.
Pafunika mazana anayi ndi makumi awiri.

Foni yati zii.
Ndimayesa akhumudwa, kapena mankhwala awagoneka.
Kenaka kaphwete, kosanganikira ndi chifuwa:
"Adya. Mbava zimenezo zadya.
Ndiye kuti zikukula."

Ndagwira kale chigubu cha kashiamu, ndikufuna kukhuthula
kuti ngongole yonse ithe usiku uno.
Amva chivindikiro chikulira.
"Ayi, mwana iwe! Ukathira onse lero
mawa upeza sinowo m'thanki,
kashiamu atagwa pansi ngati fumbi la choko,
pampu itauma pakhosi, makorali osalawako.
Pang'ono lero, pang'ono mawa, pamene madzi akuthamanga kwambiri.
Ndipo uyezenso kabonate. Awiriwo ali pasikelo imodzi,
ukakweza uyu mwankhanza, winayo amatsika."

Ndathira pang'onopo. Kautsi koyera kazungulira, kazimirira.
Palibe chasintha chimene diso lingaone.

Kope lawo lili pansi pa thanki, lotupa ndi chinyezi.
Manambala a zaka khumi ndi zisanu, Lachiwiri ndi Lachiwiri,
zilembo zoyamba zowongoka ngati misomali,
za chaka chino zopendekera, zina zotuluka mumzere.
Palibe sabata yodumphidwa, ngakhale imene tinaika mayi.
Ndalemba pansi pake ndi dzanja langa lachilendo: 350.

Pofuna lumo mudirowa ya kukhitchini
ndapeza botolo lina, la ku famase,
dzina lawo papepala, piritsi limodzi m'mawa, limodzi madzulo.
Chidindo chapakamwa sichinang'ambidwe.
Deti yake inapita chilimwe chathachi.

Panja sinowo wayambanso, ali phee pa magalimoto.
Nkhono ikukwera galasi, ikusiya kanjira koyera m'ndere.
Foni idakali yoyaka. Ndikumva kupuma kwawo,
kenaka, mwaulesi wa tulo:
"Watsuka sirinji?"