Kabokosi ka pa Fomu

Lolemba m'mawa, magetsi atathima kale,
Elube analowa mu ofesi mwanga
fumbi la mtedza lili m'nsidze,
kalata yopinda kanayi ili m'manja.
Mpando anaukana.
Anangoti, "Alembi, ndabwerera fayilo yanga."

Zaka zisanu ndi chimodzi ali pa sikelo
m'nyumba yathu ya matumba pa Kamwendo pano,
ndipo palibe mlimi wa ku Mkanda kapena Kapiri
amene anadandaulapo kuti waberedwa kilo.
Malole opita ku Mwami amamudziwa ndi mluzu.
Koma kabati yanga inkamudziwa ndi dzina lina,
lomwe sindilemba muno.

Dirowa yachitatu imalimba nthawi ya mvula.
Ndinaikoka ndi manja awiri.
Fayilo nambala 47, dzimbiri la pini pakona,
chithunzi cha munthu wa tayi yobwereka
akuyang'ana kamera ngati wamangidwa.

Bwana anali atasayina kale Lachisanu,
mofulumira, maso ali pawindo.
Chotsala chinali changa:
kabokosi kochepa ngati njere ya soya,
chilembo chimodzi m'kati mwake.

Ndinayamba kuseka ndekha, Elube nkudabwa.
Ndinati taonani, m'chilankhulo chathu
mwamuna ndi mkazi onse amayamba ndi M.
Tikati iye, ndi iye basi,
wabwera, wadya, watopa, walandira malipiro.
Fomu yokhayi ndiyo imafunsa mafunso a eni ake.

Sanaseke. Anali kuyang'ana dzanja langa.

Tipekisi anali atauma m'botolo.
Ndinatenga fomu yatsopano,
nkuyamba pamwamba penipeni:
Elube Sakhuta.
Cholembera chinanjenjemera pa E,
chifukwa nanenso ndili ndi mpingo, ndili ndi apongozi,
ndipo pakamwa pa anthu a pa msika sipatsekedwa ndi loko.
Ndinalembabe mpaka kumapeto.

Sindinamunamize.
Chitupa cha boma sichili m'manja mwanga,
ku banki ndi ku penshoni adzaitanabe dzina lija,
ndipo nkhani ya kiyi wa kuchimbudzi
komiti yaikankhira mwezi wamawa, kachitatu tsopano.
Mphamvu zanga zimathera pa chitseko ichi.
"Ndikudziwa," anatero. "Dindani pomwe mungathe."

Chidindo chinalira patebulo
ngati thumba logwa pa lole.

Fomu yakale sindinaing'ambe, malamulo salola.
Ili mu envulopu yomata, pansi pa zonse,
ndipo kiyi ndimayenda naye m'thumba.

Pa 28 ndinaima pakhonde ndi mndandanda wa malipiro.
Mzere unali wautali, dzuwa lili paliwombo.
Nditafika pa 47 ndinakonza kukhosi.
Wina kumbuyo anatsokomola mwadala,
a Gwirize alonda anayang'ana nsapato zawo.
Ndinaitana dzinalo kamodzi kokha.

"Ndilipo," anayankha,
nkupukuta chala pa chitenje asanagwire cholembera.