Chigaza cha Dzino Limodzi

Usiku uno magetsi sanathime ku Kutaisi,
ndiye ndatsalira ndekha m'chipinda chapansi cha laibulale,
jekete la malemu amuna anga lili paphewa,
ndikukweza pa intaneti mawu a anthu othawa nkhondo.
Kaseti nambala 214. Dzina: Guram Shengelia.
Kochokera: Sukhumi. Chaka: 1993.
Kabokosi komaliza pafomu kakufunsa chifukwa chosamukira,
ndipo muli malo a mawu atatu okha.

A Guram akulankhula ngati avumata thonje.
Akuti mano anayamba kugwedera pa mpata wa Chuberi,
masiku asanu akuswa chipale chofewa ndi nsapato za muofesi.
Otsalawo anagwera m'sinki ya hotela yakale ku Tskaltubo,
kumene anauzidwa kuti, khalani kaye, miyezi iwiri basi.
Apa akuseka mpaka kutsokomola.
Pojambula kasetiyi n'kuti patatha zaka khumi ndi zinayi.

Masana kunabwera Nutsa, mwana wa payunivesite
amene amaphunzira za chiyambi cha anthu.
Wasiya kompyuta yachiwiri osazimitsa,
ndi khoko la lalanje pambali pa mausi.
Pagalasi pakuzungulira chigaza, pang'onopang'ono,
ngati munthu wofuna amene wamuitana.
Anachifukula ku Dmanisi,
theka la tsiku pa minibasi kuchokera pano.
Zaka zake n'zoposa miliyoni imodzi ndi theka,
nambala yoti mutu wanga sungaisenze.

Ndachikoka ndi mausi, ndasuzumira m'kamwa.
Dzino limodzi lokha.
Mayenje a enawo anapola, fupa linasalala,
ndiye kuti sanafe msanga, anakhala ndithu,
nyengo zozizira zingapo, wopanda chotafunira.
Akatswiri akukangana m'mapepala ali m'munsimu.
Ena akuti ankadziswera yekha mafupa n'kumamwa mafuta.
Ena akuti ayi, panali wina.
Ndawerenga onse awiri. Palibe wandikhutiritsa.

Akuti makolo ake anachoka ku Afirika wapansi,
mbadwo uno chigwa ichi, mbadwo winawo mtsinje uwo,
osadziwa n'komwe kuti akusamuka.
Panalibe wowafunsa chifukwa.
Panalibe kabokosi.

Mphindi ya makumi atatu ndi imodzi, kaseti ikusokonekera.
Chitseko chikulira. Mbale ikugunda patebulo.
Mawu a mkazi: adye kaye, mwawalankhulitsa kokwanira.
Kenako foloko, khwe, khwe, khwe,
ikunyenya nyemba m'mbale yachitsulo,
mphindi ziwiri zathunthu popanda wolankhula.
Kuseri kwa kaseti wina analemba ndi pensulo:
mpongozi, Mzevinar, sanafunsidwe.

Malangizo a ntchito yanga ndi omveka bwino.
Dulani phokoso lakumbuyo.
Siyani umboni wokhawokha.
Chala changa chaima pa batani mpaka tiyi wazizira.

Mawa, kapena chaka chamawa,
wina ku Osaka kaya ku Lima adzalemba m'kabokosi kofufuzira
kuti kusamutsidwa mokakamiza, Caucasus,
ndipo a Guram adzatulukira pakati pa mayina zikwi zisanu,
adzakhala mzere m'tebulo, kadontho pamapu,
mawu am'munsi pa tsamba la makumi anayi.
Sindikudandaula. Kuwerengedwa kuposa kuiwalika.
Koma fupa limasunga bala lokha,
dzanja limene linkafewetsa chakudya silisiya chigaza.

Sindinadule.
Abwana akadzafunsa ndidzati ndinali ndi tulo.

Pa chifukwa chosamukira ndalemba kuti nkhondo,
mawu amodzi, malo a awiri atsala.
Ndayesa dzina la Mzevinar, fomu yakana,
yati sankhani pa mndandanda.

Kunja galimoto yotola zinyalala yayamba kale ntchito.
Ndataya khoko la lalanje la Nutsa.
Chigaza ndachisiya chikuzungulira mumdima,
kukamwa kuli yasa,
ndipo pa kompyuta yangayi
foloko ikadali khwe, khwe,
mpaka a Guram anene kuti zakwana, mwanawe,
mchere wachepa.